Ubambo wa Abwana m'Mayunivesite Athu

Mkulu wa sukulu yaukachenjede akamalandira udindo, kaya akamayankhula kwa antchito pa phwando lotsekera chaka, sachedwa kuwauza kuti onse pamalopo ndi banja limodzi, kuti iye ndiye bambo wawo, ndi kuti khomo lake lili chitsegukire usana ndi usiku. Anthu amaomba m'manja, amayi ena nkuimba nthungululu, pakuti palibe Mmalawi amene mtima wake sufewa akamva za banja. Koma ine, pokhala ndalingalira kwa nthawi yaitali za mmene ntchito imayendera m'maofesi a mayunivesite athu, ndafika pokhulupirira kuti ubambo umenewu, ngakhale uli wokoma m'makutu, ndipo ngakhale nthawi zina umachokeradi mumtima woona, ndiwo umodzi mwa mizu ya kuchedwa, mantha ndi tsankho zimene tonse timadandaula nazo, chikhalirecho tikuopa kuuloza chala chifukwa umavala nkhope ya chifundo.

Nkhaniyi si ya kwathu kuno kokha. Akatswiri awiri, a Farh Jiing-Lih ndi a Cheng Bor-Shiuan, amene anasanthula kayendetsedwe ka makampani a mabanja a Chitchaina, analongosola m'chaka cha 2000 kuti utsogoleri wotere uli ndi nsinga zitatu zopotana pamodzi: ulamuliro wosafuna kufunsidwa, chifundo cha bwana pa moyo wa wantchito ndi banja lake, ndi kulungama kwa khalidwe la bwanayo. Amene anafufuza pambuyo pawo akhala akupeza kawirikawiri kuti chifundo ndi kulungama zimalimbitsa mtima wa wantchito, pamene ulamuliro wosafunsidwa umamtseka pakamwa ndi kufooketsa manja ake. Wina anganene kuti ngati zili tero, tisankhe ziwiri zabwinozo, chachitatucho titaye. Vuto nlakuti pa ntchito zitatuzi sizibwera padera padera, pakuti dzanja limene lakupatsa lero mopanda lamulo ndi lomwelo limene lidzakumane mawa mopanda lamulo, ndipo wolandirayo amadziwa zimenezi ngakhale asananene zikomo.

Ife Amalawi sitifunika kupita kutali kukafuna chitsanzo, popeza yunivesite yathu yoyamba inabadwira m'manja mwa munthu amene anadziona kuti ndi tate wa fuko lonse, amene ankatcha nduna zake anyamata ake, nadzitcha Nkhoswe ya amayi onse a m'dziko. Lamulo lokhazikitsa University of Malawi linaperekedwa mu 1964, chaka chomwe cha ufulu wathu, ndipo maphunziro anayamba mu September 1965 ku Chichiri, mu Blantyre, ndi ophunzira 90, Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda ali Chancellor, ndi Dr Ian Michael ali Vice Chancellor woyamba. Posapita nthawi panali Bunda ya zaulimi, Polytechnic, Soche Hill ya aphunzitsi ndi sukulu ya kayendetsedwe ka boma ku Mpemba. Mu 1973 Chancellor College inasamukira ku Chirunga, ku Zomba. Sukulu ya anamwino inalowa m'banjali mu 1979, ndi ya madokotala mu 1991. Kukana kuti imeneyi inali ntchito yaikulu kungakhale kusayamika, ndipo ine sindikana. Mwana wa mlimi wosauka, amene kwawo kunalibe ngakhale njinga, ankafika ku Chirunga napeza chipinda, bedi, chakudya katatu pa tsiku ndi kandalama ka m'thumba, ndipo akamaliza ntchito inkakhala ikumdikira. Nchifukwa chake akuluakulu ena a masiku amenewo, akaona mmene zinthu zikusokonekera lero, amapukusa mutu nanena kuti sukulu imafuna bambo wa ndodo.

Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, ndipo sindifuna kuwapeputsa. Koma pa ichi chokha ndiwapempha kuti tiwerengere pamodzi mtengo umene unalipidwa. Ngodya zinayi za nthawi imeneyo, ndizo umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinali zoyenera msilikali ali pa perete, koma zinali goli lolemera pakhosi pa munthu amene ntchito yake yonse ndi kufunsa mafunso. Pa mpando wa khonsolo ya yunivesite panakhala kwa zaka zambiri a John Tembo, mmodzi wa anthu oyandikana kwambiri ndi mtsogoleri wa dziko, kotero kuti khutu la nyumba ya boma linali m'kati mwenimweni mwa chipinda chopangira ziganizo. Cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1970, aphunzitsi ndi oyendetsa ntchito angapo, makamaka ochokera m'chigawo cha kumpoto, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo mmodzi wa iwo anali a Felix Mnthali. Pa 25 September 1987 apolisi anagwira a Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, ali ku Gymkhana Club ku Zomba, nakawasunga ku Mikuyu mpaka mu May 1991, zaka zitatu ndi miyezi yoposa isanu ndi iwiri, osawauza ndi komwe chimene analakwa. Zimenezi timazikumbukira ngati nkhanza, ndipo zinalidi nkhanza. Koma pano ndifuna tizione ndi diso la woyendetsa ntchito. Dipatimenti imene mkulu wake watengedwa masana dzuwa likuswa mtengo imasanduka nyumba ya anthu onong'ona. Wotsalayo amaphunzira kuti chitetezo chake chili pa kusasaina kanthu, kusalemba kanthu, kusayamba kanthu kufikira atamva kumene mphepo ikulowera. Ndipo ena aluso, ataona zimene zagwera anzawo, anatola mabuku awo nawoloka malire, dziko nkutaya anthu amene linawaphunzitsa ndi ndalama zake zochepazo.

Pali chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri, chikhalirecho chimaulula bwino mtima wa ubambo umenewu. Kuyambira pa Ian Michael, kudzera pa Gordon Hunnings, David Kimble ndi John Dubbey, mpando wa Vice Chancellor unakhala m'manja mwa alendo kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene Professor Brown Chimphamba anakhala Mmalawi woyamba kuukhala. Sindinena kuti alendowo anali anthu oipa, iyayi, ena a iwo anatumikira mokhulupirika pa nthawi yovuta. Chimene ndinena nchakuti kwa zaka zoposa makumi awiri ndi zisanu, tate wa fuko sanaone mwa ana ake ngakhale mmodzi wokhwima mokwana kuyendetsa sukulu imene anawamangira. Ndipo ngati kalendala ya maphunziro inkayenda mosaphonya masiku amenewo, tisafulumire kuyamika ndodo, pakuti ophunzira anali ochepa, yunivesite ya boma inali imodzi yokha, ndipo nkhokwe inali kudyetsa pakamwa powerengeka.

Wina akanayembekeza kuti mzimu umenewu unaikidwa m'manda pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi mu 1994, koma mlandu suola. Mu February 2011 mkulu wa apolisi, a Peter Mukhito, anaitana Dr Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, choyerekeza mavuto a dziko lino ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi anaima kuphunzitsa, napempha kupepesa ndi chitsimikizo chakuti m'makalasi simudzakhalanso akazitape. Nkhani imene ikanatha pa sabata imodzi, akuluakulu atakhala pansi ngati anthu ofanana, inakoka miyezi pafupifupi isanu ndi itatu, chifukwa Pulezidenti Bingu wa Mutharika, amene analinso Chancellor, anaima ndi mkulu wa apolisiyo, ndipo khonsolo inachotsa ntchito aphunzitsi anayi, a Chinsinga, a Jessie Kabwila, a Garton Kamchedzera ndi a Franz Amin. Potsiriza, mu October chaka chomwecho, mtsogoleri yemweyo analamula kuti anayiwo abwerere pa ntchito. Taonani tsono mmene zinayendera: chilango chinadza bambo atakwiya, chikhululuko chinadza bambo atabweza mtima, ndipo pakati pa ziwirizo khonsolo, imene lamulo linaiika kuti iziyendetsa yunivesite, inangotsata kumene nkhope ya mwini wake yapenya. Amene analipira ndi ophunzira, amene anataya pafupifupi chaka cha moyo wawo ali pakhomo pa makolo awo.

Komabe kukanakhala kosavuta, ndiponso kopanda chilungamo, kukankhira zonse ku nyumba ya boma, pamene ubambo wovuta kwambiri ndi uja waung'ono wa tsiku ndi tsiku, wa m'maofesi a ma Vice Chancellor, alembi aakulu, akulu a makoleji ndi a madipatimenti. Aliyense amene anafunapo chikalata cha zotsatira za mayeso ake akudziwa mmene umaonekera. Mtsikana wachokera kutali pa minibasi, wagona kwa wachibale, wafika pa ofesi m'mamawa atanyamula risiti yake m'kapepala ka pulasitiki. Kalaliki wamulandira bwino ndithu, wapeza fayilo, waona kuti zonse zili m'malo mwake, chidindo chili pomwepo patebulo. Koma akumuuza motsitsa mawu kuti abwana achokapo, apita ku msonkhano kunyanja, abwerenso Lolemba. Wachiwiri kwa abwanawo alipo, ali ndi madigiri ake awiri, wagwira ntchitoyo zaka zambiri, ndipo lamulo silimletsa kusaina. Chomletsa nchakuti tsiku lina anasainapo, abwana atabwera nkumufunsa pamaso pa anthu ngati tsopano nyumba ino ili ndi abambo awiri. Chiyambire tsiku limenelo cholembera chake chimakhala m'thumba. Mtsikana uja abwerera, ntchito imene amafunsira itseka Lachisanu, ndipo m'mabuku a yunivesite simudzalembedwa kuti pachitika cholakwa chilichonse.

Mbali ya chifundo nayo iyenera kuyang'anidwa pafupi, pakuti ndi imene imatimanga manja. Mesenjala wa pa koleji wataya mayi ake. Abwana atamva, atulutsa lole ya sukulu, alamula kuti bokosi ligulidwe, apita okha kumaliro nakhala pansi pamodzi ndi anamfedwa. Ndani angatsutse zimenezi? Ndi umunthu weniweni, ndipo mesenjalayo sadzaiwala kufikira imfa yake. Koma patapita miyezi iwiri maliro agwera mlonda wina, amene pa msonkhano wa antchito anafunsapo za ndalama za maola owonjezera. Iyeyo auzidwa kuti galimoto ilibe mafuta ndi kuti bajeti yatha. Antchito onse aona, ndipo palibe afunika kuwamasulira. Kuyambira pamenepo aliyense adziwa kuti thandizo la pa tsoka, tchuthi chokaphunzira kunja, nyumba ya sukulu, ulendo wokhala ndi alawansi, ngakhale kukwezedwa kumene, zonsezi zimatuluka pa khomo limodzi, ndipo nzeru ndi kusamala nkhope ya mwini khomolo. Chimene chikanakhala ufulu wa wantchito, cholembedwa m'malamulo a ntchito ndi chofanana kwa onse, chasanduka mphatso, ndipo mphatso imafuna kubweza. Kubwezako ndi kukhala chete pamene ndalama za sukulu zayenda njira yokhota.

Pamene zinthu zafika potero pamabadwa mtundu wa anthu umene makolo athu anaudziwa bwino ponena kuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ndiwo aja odziwa nthawi imene abwana ali okondwa, onyamula nkhani kuchokera m'makhonde kupita nazo ku ofesi yaikulu, amene alibe udindo wolembedwa koma mawu awo amaposa a komiti yathunthu. Akalakwa salangika, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndipo wantchito wakhama, amene sadziwa kugwada koma amadziwa ntchito, amaona zimenezi chaka ndi chaka kufikira mtima wake utazizira, nayamba kuchita zongokwanira kuti asachotsedwe. Pa misonkhano ya seneti ndi ya makomiti, anthu a imvi zawo ndi maphunziro awo amakhala akuyang'ana pa mapepala kudikira kuti wapampando aonetse kumene wapendekera, kenaka mmodzimmodzi nkumathirira ndemanga zovomereza. Atatuluka, pansi pa mtengo poimika magalimoto, ndi pamene mumamva nzeru zonse zimene zikanapulumutsa sukuluyo ku chiganizo cholakwika. Choopsa koposa nchakuti uthenga woipa sukwera. Kuti malikisi a kalasi yathunthu asowa, kuti kontirakitala wa chakudya sanalipidwe ndipo ophunzira ayamba kung'ung'udza, kuti denga la laibulale likudontha pa mabuku, zonsezi bambo amazimva pomalizira, pamene magalasi ayamba kusweka ndi utsi wokhetsa misozi uli m'mahositelo. Ndipo pamenepo amadabwa moona mtima, nafunsa chifukwa chake ana ake sanamuuze.

Oteteza utsogoleri wotere ali ndi chishango chimodzi chimene amachikhulupirira kwambiri, ndicho chakuti umenewu ndi mwambo wathu, ndi kuti zofuna malamulo olembedwa ndi makomiti nzachilendo. Apa mpamene ndisiyana nawo kotheratu, pakuti ndiona kuti atola theka la mwambo nasiya theka linzake. Mfumu ya kwathu siweruza mlandu yokha m'nyumba chitseko chili chotseka. Imakhala pabwalo, nduna zili pambali pake, mbali zonse ziwiri zimayankhula kufikira mawu atatha, ndipo iyo imayankhula pomalizira, itamva. Pa kulowa ufumu, amayi aakulu a mbumba ali ndi mawu pa kusankha woyenera, ndipo pomulonga amamulangiza poyera zimene sayenera kuchita. M'banja la Chichewa bambo alibe mphamvu zopanda malire pa ana, popeza alipo atsibweni. Ndipo mkazi kaya mwamuna akalakwiridwa ali ndi ankhoswe okadandaulako, amene angathe kuitana wolakwayo ndi kumdzudzula. Koposa zonse, umwana kwathu uli ndi mapeto ake: pali chinamwali, ndipo wotuluka kumeneko amawerengedwa pakati pa akulu, amamanga nyumba yake, nayankhula pabwalo. Ubambo wa mu ofesi watenga ulemu wa mfumu nutaya nduna, watenga mphamvu ya kholo nutaya ankhoswe, ndipo chinamwali ulibe, kotero kuti pulofesa wa zaka makumi asanu ndi limodzi, amene dzina lake limadziwika m'maiko akutali, amakhalabe mwana wopempha chilolezo kufikira tsiku lopuma ntchito. Pansi pa mtengo waukulu wa mthunzi wabwino anthu amapumapo mokondwa, koma chimanga chobzalidwa pamenepo chimangotalika osabereka.

Ngakhale m'Malembo nkhaniyi ilimo. Mose, munthu amene palibe angakayike za chikondi chake pa anthu ake, ankakhala kuyambira m'mawa kufikira madzulo akuweruza yekha milandu ya khamu lonse, anthu ali chiimire momuzinga. Ndipo anali mpongozi wake Yetero, mlendo wochokera ku Midyani, amene anamuuza mosapsatira kuti njira imeneyo idzamlefula iye pamodzi ndi anthuwo, namlangiza kuti asankhe amuna okhulupirika, odana ndi ziphuphu, akhale akulu a zikwi, a mazana, a makumi asanu ndi a makumi, kuti milandu yaing'ono izithera komweko. Chondigwira mtima m'nkhaniyi nchakuti Mose anamva. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mkulu amene wazolowera kutchedwa bambo amayamba kuona aliyense womtsina khutu ngati mwana wamwano.

Tisabisenso kuti ife olamulidwa tili ndi gawo lathu. Umwana uli ndi kukoma kwake: mwana sayankha mlandu, sasenza chiganizo, zikalakwika amaloza kwa bambo. Alipo aphunzitsi ndi akalaliki ambiri amene amadandaula za nkhanza za abwana masana, madzulo nkukagogoda pa khomo lomwelo kukapempha kuti mphwawo aganiziridwe pa ntchito ya udalaivala. Munthu wotere safuna kuti khomo la kuseri litsekedwe. Afuna kuti litsegukire iye.

Tsono chofunika nchiyani? Sindipempha atsogoleri ouma mtima, pakuti sukulu yopanda chifundo ingakhale malo oopsa kuposa imene tili nayo. Ndipempha kuti chifundocho chilembedwe. Ngati nkoyenera kuti wantchito woferedwa apatsidwe galimoto ndi bokosi, ndipo nkoyeneradi, zilowe m'malamulo a ntchito, mlonda ndi pulofesa adziwe chimene adzalandira, abwana akondwe kaya akwiye. Wokanizidwa kukwezedwa apatsidwe zifukwa pa pepala, ndipo akhale ndi bwalo lina lokadandaulako limene wapampando wake si yemwe anamkaniza. Mphamvu yosaina igawidwe poyera, kuti fayilo isagone chifukwa munthu mmodzi ali pa ulendo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Pa misonkhano wapampando aphunzire mwambo wa mfumu, woyankhula pomalizira. Ndipo mkulu aziyesedwa ndi zinthu zooneka: ngati semesita inayamba ndi kutha pa masiku olengezedwa, ngati zotsatira za mayeso zinatuluka pa nthawi yake, ngati mabuku a ndalama anawerengedwa ndi kupezeka oyera.

Pamwamba pa zonsezi pali funso la mpando wa Chancellor, umene kwathu kuno wakhala ukutsata mtsogoleri wa dziko chiyambire 1964. Ena mwa anansi athu anausiya mwambo umenewu kalekale. Ku Zambia, kumene Dr Kenneth Kaunda anali Chancellor wa University of Zambia kuyambira 1966, mpandowo unaperekedwa kwa a John Mwanakatwe boma litasintha mu 1991. Ku Kenya, Pulezidenti Mwai Kibaki atalowa m'boma anasankha anthu ena mu 2003 kuti akhale ma Chancellor a mayunivesite a boma. Mavuto awo sanathe ndi zimenezo, koma anachotsa chifukwa chimodzi chimene khonsolo imayang'anira kumwamba isanatsegule pakamwa. Ife tachulukitsa mayunivesite: Mzuzu inatsegulidwa mu 1999, Bunda inaima payokha ngati LUANAR mu 2012, MUST inayamba ku Thyolo mu 2014, ndipo mu May 2021 University of Malawi inagawidwa, MUBAS ndi KUHeS nkukhala ndi makhonsolo awoawo. Cholinga cha kugawaku chinali chakuti ziganizo zizipangidwa pafupi ndi pamene ntchito ili, osadikira ofesi yaikulu ya ku Zomba. Chimene aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhonsolo atsopanowa ayenera kufunsa tsopano nchakuti kodi mphamvu zimene zinachoka ku Zomba zinatsikadi kufika kwa akulu a madipatimenti ndi achiwiri kwa alembi, kapena zinangoima pa tebulo la bambo watsopano ku Blantyre.